Misa ya Ophunzira ndi Chitupa cha Agogo Anga

Agogo anga aakazi anabadwira mu Salisbury mu 1946, m'nyumba ya antchito a njanji, ndipo mpaka lero sanawolokepo mtsinje wa Zambezi. Makolo awo anachokera ku Dedza, anabwera ku Halale kudzafuna ndalama ya msonkho ndi ya bulangete, nasanduka matchona. Komabe kwa zaka zambiri chitupa cha agogowo chinali ndi chilembo cha A, chimene chimaimira mawu akuti alien, kutanthauza mlendo. Mlendo amene anabadwira pompano, kukwatiwa pompano, kuika maliro a mwamuna wake ndi a ana ake awiri pompano. Dziko litalandira ufulu banja lathu linapeza zipinda ziwiri za lendi ku Southerton, kumene fungo la fodya ndi la chimera chochokera m'mafakitale limakudzutsa tambala asanalire. Ndinakulira kumeneko, ndipo ndinali woyamba pa mtundu wathu kuponda pa yunivesite.

Ndinene msanga kuti ndine Mkatolika ndipo ku Misa ndimapitabe. Gulu la ophunzira Achikatolika pa yunivesite imene ndinaphunzira linandisunga. Masiku amene ndalama inkangokwanira makombi awiri opita ndi awiri obwerera, tiyi ndi buledi wa kunyumba ya wansembe ndiye anali nkhomaliro yanga. Wansembeyo anali munthu wabwino, ndipo ndikudziwa anzanga amene anawalipirira fizi mwakachetechete. Choncho amene akudandaula pano ndi mwana wa m'nyumba momwemo, amene anadya nsima ya pamenepo ndipo akudziwa pamene denga likudontha.

Pa 22 May 2013 malamulo atsopano oyendetsera dziko la Zimbabwe anasainidwa. Ndime 43 ya malamulowo imati munthu amene anabadwira m'dziko muno, kholo lake lili nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye akukhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Ndinawerenga ndimeyo kangapo manja akunjenjemera. Pa msonkhano wa komiti ya gulu lathu ndinapempha chinthu chimodzi: titenge ophunzira zamalamulo, Loweruka limodzi pa mwezi, tipite ku Southerton, ku Rugare ndi ku Mbare, tikafotokozere okalamba za ndimeyi ndi kuwaperekeza ku ofesi yotengera zitupa. Wapampando, mnyamata waulemu wake, anati zimenezo ndi ndale, chisankho chili pafupi. Ndinatembenukira kwa wansembe: "Bambo, nanga inu mukuti bwanji?" Iwo anati, "Mwana wanga, maganizo ako ndi abwino, tiwapempherere kaye." Kenaka tinapita pa mfundo yotsatira, imene inatitengera ola lathunthu: mtundu wa masikipa a kwaya.

Chaka chomwecho kunali Lamulungu la zikhalidwe. Mapemphero a pa Misa anagawidwa: Chishona, Chindebele, Chingerezi, ndipo mtsikana wina amene ankaphunzira Chifalansa anapatsidwa lakenso. Nditati ndipemphere m'Chichewa, wina anaseka nati, "Kodi tili ndi mubhurandaya pakati pathu? Ubwere ndi zinyau zako utivinire." Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo, ndipo kusekako kumandiwawa mpaka lero kuposa mawuwo. Mubhurandaya ndi dzina lotonza lochokera ku mawu akuti Blantyre. Palibe amene anadzudzula. Ndipo m'malamulo omwe aja, pa ndime 6, pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno, Chichewa ndicho chinalembedwa poyambirira penipeni. Boma limene kwa zaka zambiri linkatikana linali litatilemba pa mndandanda, koma pa guwa la ophunzira tinalibe malo.

Mlandu wanga ndi uwu. Utumiki wa Mpingo pa mayunivesite athu wasanduka sukulu yophunzitsa mwana wa m'komboni kuchoka m'komboni mwaulemu. Tamverani zimene timapempherera: mayeso, ntchito, thandizo la maphunziro a kunja, viza. Zonsezi n'zofunika, inenso ndinazipempherera, ndipo digiri yanga yachiwiri sinagwe kumwamba. Koma pemphero lililonse linali loyang'ana kutsogolo ndi kumwamba, kulibe loyang'ana kumbuyo kumene tinasiya amayi akugulitsa tomato pa geti la chipatala. Tinali ndi mbindikiro kawiri pa chaka, mpikisano wa makwaya, kolona Lachitatu madzulo, ndi ulendo umodzi wokapereka sopo ndi shuga kwa ana amasiye, kumene tinkajambulitsa zithunzi zambiri kuposa mapaketi a shuga. Osauka tinkawadziwa ngati anthu oti tikawachezere. Sitinkavomereza kuti ambiri a ife tikaweruka timakagona m'nyumba zawo, chifukwa ndi makolo athu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti Mpingo uwu uli ndi mbiri ina, ndipo mbiriyo si yobwereka. Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere la Akatolika, CCJP, linayamba mu 1972 nkulemba nkhanza za asilikali a Ian Smith. Episkopi Donal Lamont wa ku Umtali anathamangitsidwa m'dziko mu 1977. Mu 1997 bungwe lomwelo, pamodzi ndi Legal Resources Foundation, linatulutsa lipoti la kuphedwa kwa anthu ku Matabeleland ndi ku Midlands pa nthawi ya Gukurahundi, pamene ambiri ankaopa ngakhale kutchula dzinalo. Mu April 2007 maepiskopi analemba kalata yakuti God Hears the Cry of the Oppressed. Mu August 2020 analemba ina, The March is Not Ended, ndipo nduna yofalitsa nkhani, Monica Mutsvangwa, inanyoza Arkiepiskopi Robert Ndlovu pamaso pa dziko lonse. Pa zaka zinayi zanga m'gulu lija, kalata ya 2007 sitinaiwerengepo limodzi ngakhale kamodzi. Ndinaipeza ndekha pa intaneti nditamaliza kale sukulu. Tinkadziwa mayina a oyera mtima a ku Italy ndi masiku awo, koma Lamont sitinkamudziwa.

Tsono yang'anani kwawo kwa makolo a agogo anga. Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse Achikatolika a m'Malawi munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kumanga anthu popanda mlandu, malipiro a umphawi, ndi mantha amene anatseka pakamwa dziko lonse pansi pa Kamuzu Banda. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo ndi mlandu. Akuluakulu a chipani anakambirana zopha maepiskopiwo, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa. Amene anayamba kutuluka pa msewu kuikira kumbuyo maepiskopi anali ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba, Akatolika ali patsogolo. Koleji inatsekedwa. Wansembe amene ankaphunzitsa pakolejipo, Pádraig Ó Máille, nayenso anathamangitsidwa chaka chomwecho. Pa 14 June 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Ine ntchito yanga ndi yomasulira, ndiye pali kanthu kamodzi kamene sindikaiwala pa nkhaniyi: kalata ija inasindikizidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, ndipo makope ochuluka anali a Chichewa. Maepiskopi aja anadziwa kuti choonadi chonenedwa m'Chingerezi chokha chimathera pa khonde la ophunzira. Wophunzira wa ku Zomba ankadziwa kuti mawu amene akuyendera pa msewu amayi ake awamvanso ku mudzi m'chilankhulo chawo.

Ndikudziwa chimene ansembe adzayankhe, ndipo sindichipeputsa. Harare si malo oseweretsa ana a eni. Itai Dzamara anatengedwa pometera tsitsi ku Glen View pa 9 March 2015 ndipo sanaonekenso. Mu July 2020 wophunzira Tawanda Muchehiwa anabedwa ku Bulawayo nazunzidwa koopsa. Wansembe amene makolo amusungitsa ana awo ali ndi chifukwa chogona osapeza tulo, ndipo ine amene ndikulemba ndili pa mpando wofewa ndilibe ufulu wotuma mwana wa wina kukakumana ndi zibonga. Ngati mantha ndi amenewo, ndawamva.

Koma ine sindinapemphe zionetsero. Ndinapempha kuima pa mzere ndi nkhalamba, kuiwerengera fomu, kuiuza m'chilankhulo chake kuti lamulo tsopano lili kumbali yake. Ngati zimenezo ndi ndale, ndiye kuti ndale zinayamba kale ife tisanalowemo. Zinayamba mu 2001, pamene lamulo la unzika linasinthidwa kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzika umenewo kapena ataye wa Zimbabwe, ndipo anthu amene sanaonepo Lilongwe anauzidwa kuti akakane Malawi amene sanakhalepo naye. Zinamveka pamene Robert Mugabe, Mkatolika mnzathu wophunzira ku Kutama, ananyoza anthu a ku Mbare kuti alibe mitupo, ngati kuti aPhiri, aBanda, aMbewe ndi aMwale si ziwongo. Zinafika pa khomo mu May 2005 ndi Murambatsvina, imene lipoti la Anna Tibaijuka wa ku United Nations linati inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda nyumba kapena popezera chakudya. Ena anauzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo. Wa ku Rugare amene agogo ake anachoka ku Ntcheu pa nthawi ya Chitaganya, mudzi wake ndi uti? Kukhala chete pa zinthu zotere n'kusankha mbali, kungoti mbaliyo ndi ya amene zitupa zawo zili bwino.

Ndipo pali chifukwa chimene wansembe wa pa yunivesite sakuonera vutoli: silifika pa khomo pake. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti la anthu opanda unzika m'Zimbabwe, lotchula chiwerengero cha anthu pafupifupi 300,000 amene ali pa chiopsezo chimenechi, ambiri mwa iwo zidzukulu za antchito ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ena ana a ophedwa pa Gukurahundi. Mayi wopanda chitupa amavutika kutengera mwana wake kalata ya kubadwa. Mwana wopanda kalatayo amakakamira pa mayeso a Grade 7. Wokakamira pamenepo sadzakhala pa benchi la Misa ya ophunzira. Sefa inagwira ntchito yake zaka khumi m'mbuyomo, ndipo wansembe akayang'ana nkhosa zake amaona zonse zili ndi mapepala, nkumati kunja kuli bwino. Yunivesite yakale kwambiri m'dziko muno inayamba ndi dzina lakuti University College of Rhodesia and Nyasaland. Dzina la Nyasaland linali pa chipata, koma zidzukulu za Anyasa amene anayala njanji ndi kusenza mabelo a fodya zimalowa pa zipata zotere mmodzimmodzi, mutu uli pansi.

Ine ndinali mmodzi wa oweramitsa mutuwo. Anzanga akafunsa mtupo wanga ndinkabwereka wa aneba. Agogo akaimba foni ndili pagulu ndinkayankha m'Chishona, iwo akulankhula Chichewa. Palibe wansembe amene anandiuza kuti ndichite zimenezo. Koma palibenso chimene ndinamva pa guwa chondiuza kuti ndileke, ndipo ndikukhulupirira kuti pa mabenchi aja tinalipo angapo, aliyense akubisala kwa mnzake.

Ena amati vuto lenileni la utumikiwu ndi aneneri a masiku ano amene akukokolola achinyamata ndi malonjezo a chuma, ndiye mankhwala ake ndi kugula zokuzira mawu zazikulu ndi kuwonjezera usiku wa mapemphero. Mpikisano umenewo tinaluza tisanauyambe. Ngati uthenga wathu ndi wakuti Mulungu akukweza iwe wekha, mneneri wa pa bwalo la mpira amaunena bwino kutiposa, ndipo ali ndi galimoto yoonetsa.

Chimene tili nacho ife iwo alibe ndi maparishi m'komboni iliyonse ndi miphakati yake. Ku Malawi Episkopi Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe analimbikira m'zaka za m'ma 1970 kuti Mpingo ukhale m'timagulu ta mabanja oyandikana, osati kwa wansembe kokha, ndipo kuno nakonso timagulu totere tilipo ndipo timadziwa nyumba iliyonse imene muli mwana wopanda kalata ya kubadwa. Ajezwiti ali ku St Peter's ku Mbare, alinso ku Arrupe ku Mount Pleasant. Mlatho wa pakati pa mbali ziwiri za mzindawu unamangidwa kale, ukungosowa oyendapo. Gulu la ophunzira lingathe kutenga mphakati umodzi wa ku Southerton chaka chino, ophunzira zamalamulo nkulemba mayina a opanda mapepala ndi kutsatira nkhani iliyonse mpaka ithe, a zilankhulo nkumasulira ndime 43 pa tsamba limodzi m'Chichewa. Tsambalo ndingalimasulire ine usiku umodzi, ulere. Ndipo pa Misa ya ophunzira pemphero limodzi linenedwe m'Chichewa, lina m'Chitonga, lina m'Chinambya, pa Lamulungu wamba, osadikira tsiku la zikhalidwe limene timavala nsalu ngati zisudzo.

Agogo anga anasinthitsa chitupa chawo kumayambiriro kwa 2018, pa ulendo wachinayi. Maulendo atatu oyamba anabwezedwa, kamodzi chifukwa dzina la bambo awo linalembedwa mosiyana pa mapepala awiri. Amene anawaperekeza sindine, ndinali ku Johannesburg pa ntchito yomasulira. Anali amayi awiri a chita cha Mbuya Anna a mumphakati mwawo, mmodzi wogulitsa masamba, wina wochapa zovala m'nyumba za anthu, onse osafika Form 1. Ananyamuka 4 koloko m'mawa atanyamula mpando wapulasitiki kuti agogo azikhalapo pa mzere. Pa 30 July chaka chimenecho agogo anavota, ali ndi zaka 72, ndipo madzulo ake anandiimbira foni kundifunsa ngati inki ya pa chala imachoka ndi sopo.