Wotchi ya pa Gombe la Shire

Chaka ndi chaka, mayeso akatha, sukulu zathu za kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi zimasonkha ndalama za ulendo wa kunyanja. Ambiri timatsetsereka pa Mvera, kukafika ku Senga Bay, ana nasamba, nagula usipa, nabwerera. Koma makolo akafunsa chimene anawo aphunzira, yankho limasoŵa. Pamenepo ndalama ya fodya kapena ya chimanga yapita pachabe. Mwezi uno tifuna kupempha aphunzitsi anzathu ndi makolo kuti ulendo wina tidzapitirire, kudzera pa Chipoka ndi Golomoti, mpaka ku Mangochi.

Kumeneko, pafupi ndi mlatho wa pa mtsinje wa Shire, pali nsanja ya njerwa yokhala ndi wotchi pamwamba pake. Inamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Mangalande, imene inamwalira mu 1901. Masiku amenewo mzindawu unkatchedwa Fort Johnston, potengera dzina la Harry Johnston, amene anamanga linga m'derali mu 1891 pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo.

Mwana akaimirira patsinde pa nsanjayo, timufunse kuti: kodi agogo ake ankadziŵa bwanji nthaŵi? Iwo ankamva tambala, nayang'ana dzuŵa ndi mthunzi, naŵerenga miyezi poona mwezi kumwamba. Wotchi inadza pamodzi ndi sitima za pamadzi, maofesi a boma, msonkho ndi ntchito ya malipiro. Kuyambira pamenepo munthu anayamba kuchedwa ngakhale dzuŵa lisanakwere. Tsono mwana adzazindikira kuti belu la kusukulu limene amadana naloli lili ndi mbiri yake. Adzafunsanso yekha chifukwa chimene mfumukazi yosapondapo dziko lino inamangiridwa chikumbutso chotere, ndipo funso limenelo ndilo khomo la mbiri yonse ya utsamunda.

Pambali pa nsanjayo pali mzinga wochokera m'sitima yankhondo yotchedwa Guendolen. Mu Ogasiti 1914 sitimayi inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Liuli ku tsidya la Tanzania, ndipo ambiri amati imeneyi ndiyo nkhondo yoyamba ya pamadzi pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Anyamata amakonda kukhamukira pa mzingawu. Asiyeni augwire, koma asaukwere kapena kulembapo maina ao.

Chachitatu ndicho chofunika koposa kwa ife anthu a kumtunda. Pali mwala wokumbukira anthu 145 amene anamira pa 30 Julaye 1946, pamene sitima ya Vipya inagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanja. Julaye ndi mwezi wa mphepo ya mwera, ndiponso ndi nyengo imene sukulu zambiri zimakonda kuyenda. Ana athu akulira pa timitsinje toti munthu amaoloka ndi miyendo, nyanja saidziŵa. Ngati sitima yachitsulo inalephera, nanga bwato lodzaza ana osadziŵa kusambira? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mphunzitsi afunse asodzi za mphepo asanakweze ana m'bwato, aŵaŵerenge poloŵa ndi potuluka, ndipo mwera ukakula akane ndithu, ngakhale ana alire.

Chotero ulendo ukonzedwe m'kalasi usanayambe. Mwana aliyense atenge kope ndi pensulo, akopere zolembedwa pa zikumbutso zitatuzo, nakaonenso nyumba yosungiramo zinthu zakale za panyanja imene ili chapafupi. Inu makolo, pobwera mwana musangolandira chambo. Mkhazikeni pansi madzulo, akusimbireni za nsanja, za mzinga ndi za mwala, ndipo inunso mumuuze mmene atate anu ankadziŵira nthaŵi yomasula ng'ombe m'khola popanda wotchi pamkono.