Za Mpira: Tiwaweruze Mwacilungamo a Numba

M'makomboni mwathu muno mulibe munthu wosadziwa kuphunzitsa mpira. Kwerani minibasi yocokera ku Chawama kapena ku Kanyama Lolemba m'mawa, mudzapeza kuti kondakitala, amai ogulitsa tomato ndi mwana wa sukulu yemwe, onse asankha kale anyamata amene anayenera kulowa m'bwalo dzulo lake. Timu ikapambana, ulemu umapita kwa wogoletsa. Ikagonja, mlandu ndi wa mphunzitsi. Mwezi uno tifuna kuikira kumbuyo mphunzitsi mmodzi amene dzina lake limayambitsa mikangano pa tuntemba ta ku Matero ndi ku Mtendere: a Mumamba Numba.

Otsutsa amati bamboyu anacotsedwa nchito ku Zanaco mu 2020 cifukwa mpira unamukanika. Ife tikuti munthu saweruzidwa ndi tsiku limene anatsekeredwa citseko.

Tiyambe ndi 2016. Caka cimeneco a Numba, amene kale anali wosewera wapakati wa Zanaco yomweyo ndi wa Chipolopolo, anatengera timu ya ku Sunset Stadium cikho ca ligi, cacisanu ndi ciwiri m'mbiri yake. Koma cimene tifuna kuti mukumbukire bwino ndi 2017, pamene Zanaco inalowa m'magulu a CAF Champions League. Gulu lake linali la Al Ahly ya ku Egypt, Wydad ya ku Morocco ndi Coton Sport ya ku Cameroon. Ambiri a ife tinayamba kuwerengeratu zigoli zimene tidzamwe. Nanga cinacitika n'ciani? Al Ahly, timu ya zikho zambiri koposa zonse mu Africa, inasewera ndi Zanaco kawiri, kwao ndi kuno, ndipo sinagwedeze ukonde ngakhale kamodzi. Wydad inagonja 1-0 kuno ku Lusaka. Coton Sport inagonja kawiri konse. Zanaco inatsiriza ndi mapointi 11, cimodzimodzi ndi Al Ahly, nituluka cifukwa ca kucepa kwa zigoli cabe. Ndipo taonani: matimu awiri amene anaitsekereza njira ndiwo anakakumana pa fainolo caka comweco, Wydad n'kutenga cikho. Kodi mphunzitsi wosadziwa nchito angaime cotere pakati pa njovu ziwiri?

Sitikubisa zowawa. Mu 2018 Zanaco inatulutsidwa ndi Mbabane Swallows ya ku Swaziland, dziko limene tsopano licedwa Eswatini, ndipo manyazi ake tinawamva tonse. Ndi zoonanso kuti m'masewera aja a 2017 timu ya a Numba inadziwa kutseka pakhomo koposa kugoletsa. Koma amene amakuwa kuti "acoke, acoke" satiuza kumene ogoletsawo anapita. Fashion Sakala, mwana wa ku Chipata, anapita ku Spartak Moscow kuciyambi kwa 2017. Augustine Mulenga anatengedwa ndi Orlando Pirates ya ku Johannesburg mu 2018. Anyamatawa sitiwadzudzula, cifukwa nawonso ali ndi mabanja owayang'ana, ndipo ndalama za kunja sizifanana ndi zathu. Koma mlimi amene mumgulitsira ng'ombe zake nyengo ya dzinja itayandikira, simungamufunse cifukwa cake nkhokwe yacepa. Wosaina mapepala ogulitsa wosewera si mphunzitsi ai, koma akuluakulu a m'maofesi, amene maina ao sitiwachula m'minibasi.

Yankho lenileni linabwera msanga. Caka comweco ca 2020 a Numba analembedwa nchito ku ZESCO United ya ku Ndola, ndipo m'nyengo yao yoyamba, ya 2020/21, anatenga ligi. Munthu yemwe uja amene ku Lusaka tinati watha nzeru! Zikho ziwiri za ligi, ndi matimu awiri osiyana, m'mizinda iwiri yosiyana: ngati umenewu ndi mwai, ndiye kuti mwaiwo umawadziwa bwino pamene akhala.

Tingokumbutsako acinyamata kuti banja limeneli linalipira mpira wa dziko lino mtengo waukulu. Mkulu wao, Numba Mwila, ali pakati pa ngwazi zimene zinafa pa ngozi ya ndeke ku Gabon mu April 1993, zimene zinagonekedwa pafupi ndi Independence Stadium. Sitikuchula zimenezi pofuna kuwapemphera cifundo, pakuti zikho zao zikuwalankhulira kale.

Nanga za kutsogolo? A Numba anabadwa mu 1978, ndipo pa nchito ya uphunzitsi umenewo si ukalamba. Timu iliyonse yowapatsa mpando icite zinthu ziwiri: iwapatse nyengo zitatu zathunthu, ndipo isagulitse wogoletsa pakati pa nyengo popanda kugula wina wolowa m'malo mwake. Ikacita zimenezi koma cikho osabwera, ife tidzakhala oyamba kukhala cete pamene kondakitala wa ku Chawama akusankha timu yake.