Musakane chitsulo cha m'fupa poopa dzimbiri

Abale anga ogwira ntchito m'migodi, mwala ukagwa n'kuthyola mwendo, dokotala angathe kunena kuti chikhakha pachokha sichikwanira, pakufunika kuika chitsulo. Apa ndi pamene mabanja ambiri amabwerera m'mbuyo. Kuno ku Unit G, ku Chitungwiza, timamva zoti chitsulo chimachita dzimbiri m'thupi, chimaoletsa fupa, enanso amati chimaitana mphenzi. Wodwala amatulutsidwa m'chipatala n'kupita naye kokamumanga timitengo. Mwendo ukapola mokhota kapena wafupika, ntchito yathera pomwepo, ndipo ovutika ndi ana.

Maganizo anga ndi akuti tisamakane chitsulo. Chofunika ndi kuchidziwa ndi kusamala bala.

Kodi chimalephera bwanji kuchita dzimbiri?

Taganizani za malata. Lata ndi chitsulo wamba, koma limapirira mvula zaka zambiri chifukwa analikuta pamwamba. Chitsulo cha kuchipatala nachonso chili ndi khungu lake, lopyapyala losaoneka ndi maso.

Khunguli limachokera ku miyala yomwe ena a inu mumaidziwa bwino. Chrome, monga yemwe amakumbidwa ku Shurugwi ndi ku Mutorashanga, amasakanizidwa ndi chitsulo, pafupifupi magawo 18 pa 100 aliwonse, ndipo pamatuluka stainless steel. Chrome akakumana ndi mpweya wa okosijeni amapanga kakhungu kolimba kotchinga madzi ndi mchere wa m'thupi. Titanium, yemwe amachokera mu mchenga ngati wa ku Richards Bay ku Joni, amachitanso chimodzimodzi, ndipo fupa limagwirizana naye. M'chaka cha 1952 dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, anaona fupa la kalulu litamatirira ku titanium osatheka kulekanitsa. Za mphenzi ndi nkhambakamwa chabe: chitsulo cha m'thupi sichiitana mphenzi.

Zokutira zina zoonjezera

Akatswiri amakutanso zitsulo zina ndi zinthu zapadera. Pali hydroxyapatite, yemwe ndi wofanana ndi chomwe chimalimbitsa mafupa ndi mano athu, choncho fupa limamera n'kugwira chitsulo msanga. Pali titanium nitride, wooneka ngati golide, amene amaikidwa pa mabondo ochita kupanga pofuna kuti asaperepeseke komanso kuthandiza anthu amene thupi lawo limadana ndi nickel. Zitsulo zina zimakutidwa ndi siliva kapena mankhwala a gentamicin kuti tizilombo toyambitsa matenda tisakhazikike.

Zoterezi ndi zodula ndipo sizipezeka m'chipatala chilichonse. Koma musadandaule, pa mafupa ambiri othyoka stainless steel amakwanira. Bungwe la SIGN, lomwe linayamba m'chaka cha 1999 ku America, lakhala likupereka zitsulo za mtunduwu zolowetsa m'kati mwa fupa ku zipatala monga Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo anthu ambiri anayambanso kuyenda.

Mdani weniweni ndi tizilombo

Khungu la chitsulo si chithumwa ayi. Tizilombo tikalowa pa bala n'kufika pa chitsulo, timamanga chinthu choterera ngati ndere, ndipo mankhwala amavutika kulowamo. Zikafika apo pangafunike opaleshoni ina. N'chifukwa chake ndikupempha kuti mutsate izi:

1. Funsani dokotala kuti akuikani chitsulo cha mtundu wanji, ndiponso ngati chidzachotsedwe. Zambiri zimakhala m'thupi moyo wonse popanda vuto. Paja safunsa anadya phula.

2. Nenani ngati ndolo, wotchi kapena chitsulo cha lamba chimakutulutsani nsungu.

3. Mukauzidwa kukagula chitsulo, gulani komwe dokotala wakulemberani, chili m'paketi yake yosatsegula. Chogwiritsidwa kale ntchito, chopindika kapena chokalikakalika musalandire, ngakhale chitsike mtengo bwanji. M'mikwingwirima ndi momwe mumabisala tizilombo, ndipo ndi pomwe chitsulo chimayambira kuthyoka.

4. Pa bala musapake phulusa, dothi, mafuta a galimoto kapena mankhwala azitsamba, ndipo musatemepo mphini.

5. Lekani fodya chifukwa amachedwetsa fupa kulumikizana. Ngati mumamwa ma ARV kapena mankhwala a shuga, musadumphitse.

6. Musathamangire kubwerera pansi pa mgodi dokotala asanalole. Chitsulo chimangogwiriziza, cholumikiza fupa ndi thupi lanu.

7. Mukaona mafinya, kutupa, kutentha thupi kapena ululu womkirankira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Inu amayi ndi achibale, sungani bwino makadi a kuchipatala, zithunzi za X-ray ndi kapepala kolembedwa dzina ndi nambala ya chitsulocho. Mapepalawa adzafunika pofunsa chipukuta misozi ku NSSA kuno ku Zimbabwe kapena ku Rand Mutual ku Joni. Tsiku lomwe mudzabwerere kumudzi, ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia, dokotala wakumeneko adzadziwa choyambira.

Mwendo ndiye khasu la munthu wa pa mgodi. Dokotala akati pakufunika chitsulo, khalani pansi ngati banja, funsani mafunso onse, kenako vomerani.