BP ya muukulu imayambira m'mimba mwa mayi

Munthu wa zaka 45 akagwa mwadzidzidzi pamsika wa Nselema, mkono ndi mwendo n'kufooka, ambiri amathamangira kunena kuti amulodza. Ena amaloza chala mchere ndi maganizo.

Koma akadaulo a zaumoyo akuti nthawi zina matenda othamanga magazi, omwe ambiri amangoti BP, amakhala atafesedwa munthuyo asanabadwe.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO adapeza mu 2009 kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

M'zaka za m'ma 1980, dokotala wa ku Britain, David Barker, adafufuza m'mabuku akale a sikelo ndipo adapeza kuti ana obadwa onyentchera ndiwo ankadwala kwambiri mtima ndi BP atakula.

Chimodzi mwa zifukwa zake ndi impso. Tizigawo tosefa magazi mu impso timatha kupangika mimba ikafika masabata pafupifupi 36. Mayi akamagona ndi njala, kudwaladwala malungo kapena kuchira masiku asanakwane, mwana amabadwa ndi tizigawo tochepa, ndipo sitionjezekanso. Akakula, impso zake zimavutika kutaya mchere, magazi n'kuyamba kuthamanga.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudza Machinga ndi Balaka. Lipoti la m'chaka cha 2012 lidaika Malawi pamwamba padziko lonse pa ana obadwa masiku osakwana, 18 pa 100 alionse. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osafika zaka zisanu anali opinimbira. Mu 2024, ng'amba itaumitsa chimanga, mabanja ena ku Machinga adafika pomadya chitedze. Amayi oyembekezera adali m'gulu lomwelo.

Nako ku Blantyre, ofufuza adalondola ana omwe adagonekedwa pachipatala cha Queen Elizabeth mu 2006 ndi 2007 kaamba ka kunyentchera. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri, anawo adali aafupi, a minofu yochepa, ndipo magazi awo ankathamanga mokwererako pang'ono kuposa a abale awo.

Kodi pali mankhwala omwe angabweze zoterezi mwana akadali wamng'ono? Ena akuyang'ana ku melatonin, michere yomwe ubongo umatulutsa kukada kuti munthu agone.

Ku Taiwan, ofufuza You-Lin Tain ndi Chien-Ning Hsu akhala akuyesa melatonin pa makoswe. M'kafukufuku wina, makoswe a bere adapatsidwa chakudya chochepa ndipo ana awo adadwala BP atakula. Koma pomwe makoswe a berewo adamwetsedwanso melatonin, ana awo sadakwere magazi chimodzimodzi.

Nkhaniyi ndi yopatsa chiyembekezo, koma khoswe si munthu. Palibe lamulo la zaumoyo lomwe likuuza mayi woyembekezera kumwa melatonin kapena kumwetsa khanda pofuna kupewa BP.

Kuonjezera apo, mankhwalawa avuta kale kwina. Ku America, komwe amagulitsidwa ngati maswiti, bungwe la CDC lidalengeza mu 2022 kuti malipoti a ana omwe adameza melatonin adakwera ndi 530 pa 100 pakati pa 2012 ndi 2021. Mu 2023 ofufuza adayeza mitundu 25 ya maswitiwa ndipo 22 idali ndi mlingo wosiyana ndi wolembedwa pabotolo.

Chosangalatsa n'chakuti mwana wa ku Nselema amalandira kale melatonin mwaulere. Ali m'mimba amaipeza kudzera m'magazi a mayi ake. Akabadwa, pamatenga miyezi pafupifupi itatu kuti thupi lake lizolowere kupanga yakeyake usiku, ndipo panthawiyi amaipeza mumkaka wa m'mawere omwe wayamwa usiku.

Choncho chitetezo chenicheni chili pa zinthu zodziwika kale: kuyamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba, kumwa mankhwala oonjezera magazi ndi fansida, kugona m'masikito, kudya zakasinthasintha monga usipa, nandolo ndi nsinjiro, komanso kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6. Mtsikana yemwe thupi lake likukulabe amalimbirana chakudya ndi mwana wa m'mimba, n'chifukwa chake lamulo la 2017 loletsa ukwati wa osafika zaka 18 likuteteza mibadwo iwiri.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Chimanga cha chithandizo chikachedwa kufika kwa mayi wapakati, ngongole yake idzabwezedwa kuchipatala cha Liwonde zaka 40 zikubwerazo.

Ndipo kwa omwe adabadwa kapena kukula m'njala ya 2002 ndi 2005, omwe pano ndi makolo, kuyezetsa BP sikulira tsiku lonse. Sikofunika kudikira kugwa pamsika.