Njinga Zamoto M'tinjira ta M'nkhalango ndi Pamtumbira wa Njanji

Mvula ikagwa masiku atatu otsatizana kwa Khombedza, m'boma la Salima, dothi la makande limene alimi amaliyamikira polima thonje limasanduka mdani wa munthu wa paulendo. Misewu yafumbi yochokera kumidzi kudzalumikizana ndi msewu wa M5 imaterera ngati therere, ndipo galimoto imene yalimba mtima kuloŵamo imatitimira mpaka m'mimba. Pa nyengo yotere amene amaombola anthu ndi mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto. Iyeyu ndiye amathamangira kuchipatala ndi mayi amene matenda amuyamba usiku, ndiyenso amanyamula mphunzitsi wokatapa malipiro ake ku Salima. Munthu wonyoza ntchito ya anyamata ameneŵa ndi amene sanadwazepo m'mwezi wa February.

Koma njinga yamoto ili ndi khalidwe lake: siidikira msewu. Msewu ukakanika, woyendetsa amakhotera m'kanjira ka amayi otola nkhuni, m'mpita wa ng'ombe, kapena m'kati mwa nkhalango ya mudzi. M'madera a bomali amene njanji imadutsa, amakwera pamtumbira wa njanjiyo, pakuti ndi pokhapo pamene pali pouma. Ulendo wa tsikulo umatheka ndithu, koma mtengo wake sulipiridwa ndi wokwera yekha.

Vutoli si la kuno kokha. Ku America kuli timagalimoto ting'onoting'ono topanda denga, ta matayala otupa, topangidwira kuyenda kopanda msewu. Kampani ya Honda inayamba kugulitsa ta matayala atatu mu 1970, ndipo ya Suzuki inatulutsa ta matayala anayi mu 1982. Anthu anatikonda kwambiri, ena pa ntchito za kumunda, ambiri pongosangalala m'nkhalango. Posakhalitsa ngozi zinachuluka, ana ambiri ali m'gulu la ofa ndi opunduka, kotero kuti mu 1988 boma ndi makampaniwo anagwirizana zoleka kugulitsa tatsopano ta matayala atatu. Eni minda ndi osamala nkhalango nawonso anadandaula kuti nthaka ikuonongeka.

Chimene anachita kumeneko ndicho choyenera kuti aŵerengi achilingalire. Sanaletse timagalimototi kotheratu, komanso sanatilekerere. Anatipatsa njira zake. Mu 1983 nyumba ya malamulo ya dzikolo inalola kuti njanji zimene sitima zinaleka kuyendamo zisungidwe ngati njira za anthu. Zambiri mwa njirazi ndi za oyenda pansi ndi njinga zakapalasa zokha, koma m'chigawo cha Maine muli zina zimene timagalimoto tija timaloledwa. Mwini kagalimoto amalipira chiphaso, ndipo gawo la ndalamazo limathandiza magulu a okwerawo kukonza njira. Chinanso chofunika ndi chakuti chipale chikamasungunuka, nthaka ili chinyontho, njirazo zimatsekedwa kufikira zitauma. Okwera eni ake anazindikira kuti sabata imodzi ya m'matope imaononga zimene anakonza chaka chonse.

Tsono pali kusiyana kumodzi kumene munthu sayenera kukulumpha. Njanji za ku Maine zimene anazisandutsa njira ndi zakufa, zitsulo zake anazula. Ya ku Salima ndi yamoyo. Inafika pabomapo mu 1935 kuchokera ku Blantyre, ndipo mu 1979 inatsegulidwa ina yopita ku Lilongwe, yomangidwa ndi chithandizo cha dziko la Canada. Nzoona kuti pakhala zaka zimene sitima zinkasoŵa, mpaka udzu kumera pakati pa zitsulo, ndipo ndi m'zaka zoterozo mmene anthu anazoloŵera kuiyesa njira yawo. Koma mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala inafika ku Kanengo, ndipo palibe njira ina imene ikanadzera koma ya ku Salima yomweyi.

Mtumbira wa njanji sunaunjikidwe mwachisawawa. Miyala yophwanyaphwanya imene ili pamwamba pake ili ndi ntchito ziŵiri: kugwira mitanda imene zitsulo zagonapo kuti isasunthe, ndi kulola madzi a mvula kuti atsike msanga. Tayala la njinga yamoto likamadutsa m'mphepete tsiku ndi tsiku limagumula miyalayo, kuikankhira pansi, ndi kusiya kangalande m'nthiti mwa mtumbira. Madzi akapeza poloŵera amadya dothi la pansi pa mitanda, ndipo njanji imalendeŵera pamalo pamene diso la woyendetsa sitima silingaone. Palinso ngozi ya wokwerayo. Sitima yolemera siima pamene waiponda mabuleki. Imapitirira mamita mazanamazana. Siingakhote. Mnyamata amene yamupeza pakati pa mlatho, injini ya njinga yake ili kulira m'makutu, wodwala ali kumbuyo, alibe kothaŵira.

Za m'nkhalango ndi zapang'onopang'ono, ndipo chifukwa cha chimenecho anthu sazisamala. Phazi la munthu limaponda ndi kuchoka, kusiya udzu pakati pa mphondero ina ndi inzake. Tayala silitero. Limadula mzere umodzi wosaduka, ndipo likamazungulira m'matope mano ake amakumba dothi ndi kuliponyera kumbuyo. Mvula yotsatira imapeza ngalande yokonzeratu. Akuluakulu anati madzi saiŵala khwaŵa, ndipo pano khwaŵalo limachita kuyambitsidwa ndi munthu. Kamzere kakuya ngati chala mu December kangathe kufika m'bondo pofika March, makamaka potsetsereka. Pamenepo woyendetsa amalambalala chithaphwi, wotsatira amalambalala polambalala pa mnzakeyo, ndipo kanjira kamene kanali kokwana munthu mmodzi kamatambasuka ngati bwalo. Zimene zimapondedwa m'mbalimo ndi mphukira za mitengo yachilengedwe, imene kaŵirikaŵiri imadzibwezeretsa yokha kuchokera ku zitsa ndi mizu, popanda wina kuibzala.

Dothi lokokolokalo silithera pomwepo. Limatsikira m'mitsinje monga Lingadzi ndi Linthipe, ndi kukathera m'nyanja ya Malaŵi, kumene chambo chimakumba zisa zake pamchenga. Msodzi amene sanakwerepo njinga yamoto amalipira nawo ulendo wa eni ake.

Ndipo pali china chimene nyakwaŵa iliyonse ikuchidziŵa, ngakhale pamsonkhano sichitchulidwa. Kanjira kamene njinga yamoto yaloŵera ndi wodwala lero ndi komweko katulukire matumba a makala maŵa. Munthu wosenza pamutu amanyamula thumba limodzi, natopa. Njinga yamoto imanyamula angapo, ndi kubwereranso dzuŵa lisanaloŵe. Nkhalango yotetezedwa ya Thuma, imene boma linaipatula mu 1926 ndipo muli njovu, ili ndi alonda oyendera malire ake. Nkhalango ya mudzi ilibe mlonda wina koma kuvuta kwa njira yake.

Ena adzati mankhwala ake ndi kuletsa basi, ndi kulanda njinga ya aliyense wopezeka m'tchire kapena panjanji. Pa za njanji akunena zoona, pakuti pamenepo palibe chokambirana. Koma pa za tinjira ta m'midzi, lamulo loletsa lopanda njira ina limangophunzitsa anthu kuyenda usiku. Mnyamata wa kabaza sanasankhe nkhalango chifukwa choikonda. Wathaŵa msewu umene unakhala zaka wosathiridwa dothi lamiyala. Ambiri njingazo si zawo, ndipo madzulo mwini wake amafuna ndalama yake, kugwe mvula kapena kuŵale dzuŵa.

Mphamvu yokonzera zimenezi ilipo kale m'midzi. Lamulo la za nkhalango la 1997 limazindikira nkhalango za m'midzi ndi makomiti oziyang'anira, ndipo limapereka mpata woti mudzi ukhale ndi malamulo ake osamalira nkhalangoyo. Anyamata a kabaza nawonso ali ndi masiteji ndi atsogoleri awo, amene mawu awo amamveka kuposa chikwangwani chilichonse. Chosoŵa ndi chakuti mfumu, komiti ndi wapampando wa siteji ayende limodzi ndi mapazi awo, asankhe kanjira kamodzi kodzera pamtunda pouma, akakonze, aikemo timilatho ndi ngalande zopatutsa madzi, ndipo tina tonse ta m'nkhalango atitseke kwa njinga zamoto kuyambira December kufikira March, kupatula pamene zanyamula wodwala. Ngati a ku Maine amasonkha kuti akonze njira yongoseŵereramo, sichingakhale chachilendo kuti siteji ipatule kangachepe pokonza njira imene imadyetsa mabanja awo. Khonsolo ya boma la Salima nayo isabisale kumbuyo kwa anyamataŵa, pakuti misewu ya kumidzi ndi udindo wake.

Aphunzitsi a m'sukulu za kwa Khombedza angathe kuthandiza popanda kudikira ndalama ya wina aliyense. Mvula yoyamba ikagwa, atenge ana a Sitandade 7 ndi rula ya m'kalasi, akayese kuya kwa mzere wa tayala pamalo atatu potsetsereka, akhomepo zikhomo ndi kulemba m'kope. Abwerereko mu March ndi rula yomweyo. Manambala aŵiriwo akaŵerengedwe pamsonkhano wa makolo, anyamata a kabaza ataitanidwa ndi kupatsidwa mipando ya kutsogolo, pakuti ambiri a iwo anadzera m'makalasi omwewo ndipo masamu ochotsera sanaŵaiŵale.