Chithunzi cha pagombe chisamabutse mlandu kumudzi

Mwezi wa September ukafika, mafoni a m'mabanja ambiri ku Jenda, Mangochi, Balaka ndi Lizulu amayamba kulandira zithunzi zachilendo. Mnyamata uja adakwera basi zaka zitatu zapitazo waima padoko ku Cape Town, kumbuyo kwake kuli mabwato, m'manja wanyamula nsomba ndi tchipisi zokulunga m'pepala. Akumwetulira.

Chotsatira chake n'chodziwika. Dzuwa lisanalowe, uthenga wabwerera kale: "Achimwene, ndalama zikuthera kumeneko eti? Kuno feteleza sitidagule." Malume nawo amva, apongozi amva. Sabata yotsatira mnyamatayo satumizanso chithunzi, ndipo nthawi zambiri kunyanjako sapitakonso.

Mchitidwe umenewu ndi wolakwika. Munthu amene akudyetsa banja lonse ndi thukuta lake ali ndi ufulu wokhala pansi tsiku limodzi, kudya chakudya cha kumene akukhalako ndi kupuma mphepo ya kunyanja, popanda kuimbidwa mlandu ndi anthu omwe akudya za m'thumba mwake.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, ndi bwino kudziwa kuti September ndi mwezi wotani kwa munthu wokhala ku Cape Town. Nyengo ya kumeneko ndi yosemphana ndi ya kuno. Mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka August, ndipo imabwera ndi mphepo yolowa m'mafupa. Amalawi ambiri amakhala m'madera monga Capricorn, Masiphumelele, Imizamo Yethu ndi Dunoon, ena m'tizisakasa ta malata. Miyezi yonseyo amagona denga likudontha, bulangete lili chinyontho, m'mawa n'kulawirira kuntchito kudakali mdima.

Ndiye September amafika. Mvula imachepa, masana amatalika, tchire lonse limachita maluwa. Kumpoto kwa mzindawu, kunkhalango yotetezedwa ya West Coast, kuli dera lotchedwa Postberg lomwe amalitsegula miyezi iwiri yokha pachaka, August ndi September, kuti anthu akaone maluwa a m'tchire atayala ngati chitenje. Kunyanja ya False Bay anamgumi amabwera kufupi ndi gombe kuyambira cha mu June mpaka November, moti munthu wamwayi akhoza kuwaona ataima mumsewu wa Boyes Drive, pamwamba pa Muizenberg, osalipira kalikonse.

Mzinda wonse umatuluka panja. Kodi Mmalawi yekha ndiye adzitsekere m'chisakasa kuwerenga marandi?

Chowawa kwambiri n'chakuti chisangalalo chonsecho chimayenda pamsana pa anthu omwewa. Aliyense amene adalowapo m'malesitilanti a ku Waterfront, Camps Bay kapena Sea Point amadziwa kuti kukhitchini ndi pakati pa operekera zakudya sipalephera kumveka Chichewa, Chitumbuka, Chitonga kapena Chiyao. Ndiwo amatsuka mbale, kupala mamba a nsomba ndi kusenda mbatata. Ena amadulira maluwa m'mabwalo a nyumba za ku Constantia, ndipo amayi ambiri amalera ana a eni ake, kuwaperekeza kugombe atanyamula matawulo. Munthu amatha kuloweza maina a zakudya zonse za pamndandanda, kudziwa kuti ichi chimayenda ndi chakumwa chiti, koma chikhalire sadakhalepo pampando kuti wina amubweretsere mbale. Akaweruka usiku amakapika nsima ya mapazi a nkhuku kapena usipa wobwera pabasi.

Nsima ilibe mlandu. Koma kukhala zaka zisanu m'mphepete mwa nyanja ya mchere osadziwa kukoma kwa nsomba yake ndi umphawi wa mtundu wina, umene ndalama zotumiza kumudzi siziuthetsa.

Tsono zakudya zenizeni za ku Cape Town si za anthu olemera ayi. Zambiri zidachokera kwa asodzi, akapolo ndi anthu aganyu.

Nsomba yotchuka kumeneko ndi snoek. Ndi yaitali, yowonda, ya mano akuthwa, ndipo minga yake ndi yaitali yosavuta kuchotsa. Asodzi amaigwira ndi mbedza, makamaka miyezi yozizira. Ikagwa yambiri, amaigulitsa padoko ku Kalk Bay ndi Hout Bay, ngakhalenso kumbuyo kwa magalimoto m'misewu ya m'makomboni. Amaing'amba pakati monga asodzi a ku Makanjira ang'ambira chambo, kuithira mchere, kenaka kuiotcha pamakala uku akuipaka jamu wa zipatso za apricot. Nsomba ya jamu? Munthu wa ku Nkhata Bay akamva koyamba amapukusa mutu, koma akalawa amakhala chete. Yotsala amainyenya n'kuikazinga ndi anyezi, mbatata ndi tsabola. Angerezi okha ndiwo adaikana. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, boma la Britain lidaitanitsa snoek ya m'zitini kuti ithandize panthawi ya kuchepa kwa chakudya, koma anthu adainyanyala. N'kutheka kuti vuto lidali chitinicho.

Palinso Gatsby. Uyu ndi buledi wamtali ngati mkono, wong'ambidwa pakati n'kudzazamo tchipisi, soseji, nyama kapena nsomba, ndi zokometsera zowawa. Adayamba mu 1976 ku Athlone, pomwe mwini kashopu ka nsomba ndi tchipisi, Rashaad Pandy, adafuna kudyetsa anthu amene ankamugwirira ntchito koma nsomba idali itatha. Adangosonkhanitsa zomwe zidalipo n'kuziika m'buledi. Mpaka lero Gatsby sadya munthu mmodzi. Amamudula panayi, anthu anayi n'kusonkha. Ndi chakudya cha chipereganyu chenicheni, chogwirizana ndi thumba la munthu wa ganyu.

Lamulungu m'mawa ku Bo-Kaap ndi m'madera ena a Asilamu kumanunkhira koesister, mbale wake wa mandasi. Kusiyana kwake n'kwakuti mu ufa amathiramo jinja, sinamoni ndi zonunkhiritsa zina, akakazinga amamuviika m'madzi a shuga n'kumugubuduza mu kokonati. Kaphikidwe kameneka kadabwera ndi akapolo amene Adatchi adayamba kuwatutira ku Cape mu 1658, kuchokera ku India, Indonesia, Madagascar ndiponso pambuyo pake ku Mozambique. Mayi wogulitsa mandasi pamsika wa Lunzu atamva kakomedwe kake akhoza kupezapo nzeru yokopera makasitomala, koma angamve bwanji ngati mwana wake ali komweko adaletsedwa kulawa?

Ulendo wake nawo si wodula. Sitima ya pamtunda yochoka pakati pa mzinda imadutsa ku Muizenberg n'kumayenda m'mphepete mwenimweni mwa madzi mpaka ku Kalk Bay. Wokhala ku Capricorn ali pafupi zedi. Kuyenda pagombe la Sea Point ndi kwaulere. Kukhala pakapinga m'munda wa Company's Garden, womwe udayamba mu 1652 ngati dimba la ndiwo zodyetsa amalinyero, n'kwaulerenso. Phiri la Table, lotalika mamita opitirira 1,000, munthu wamiyendo yake amalikwera wapansi kudzera ku Platteklip. Wa ku Mulanje angaope chiyani pamenepo?

Pali chifukwa chinanso chachikulu. Mchenga umene mnyamata uja waimapo sudali wa aliyense kale. Lamulo la tsankho la mu 1953 lidagawa magombe, mabenchi ndi malo osangalalira potengera khungu, ndipo magombe abwino adali a azungu okha. Mu August 1989, Arkibishopu Desmond Tutu adatsogolera anthu kukaponda magombe oletsedwawo ku Strand ndi Bloubergstrand, apolisi n'kuwachingamira ndi zikwapu. Magombe adatsegulidwa kwa onse kumapeto kwa chaka chomwecho, lamulolo n'kufafanizidwa mu 1990.

Agogo ambiri m'midzi muno adapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba. Adakhala m'makomponi a migodi, kutali ndi nyanja, akutuluka pansi n'kulowa m'chipinda, mawa chimodzimodzi. Adabwerako ndi njinga, mabulangete ndi wailesi, ena ndi chifuwa chosatha. Ukawafunsa za dzikolo, ambiri amangodziwa mgodi ndi sitolo ya pakomponi. Iwo adatsekeredwa ndi malamulo. N'zomvetsa chisoni kuti mdzukulu wawo, mpanda utagwa kale, atsekeredwe ndi mauthenga a pafoni ochokera kwa abale ake.

Mabanja nawo ali ndi mfundo zawo, ndipo si zopepuka. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu adakwera, ndipo randi iliyonse yobwera kuchokera kummwera imaoneka yaikulu ikafika pamsika. Mayi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi akaona mbale ya nsomba pachithunzi amawerengera makope. Palibe angamudzudzule.

Komanso mudzi uliwonse uli ndi mtchona wake: adapita bwinobwino, miyezi yoyamba ankatumiza, kenaka zii. Mkazi adatsala ndi ana, nyumba idaima pawindo, njerwa zikumera ndere. Abale akaona chithunzi cha pagombe amaopa kuti chiyambi chake n'chomwecho.

Koma apa mpomwe ambiri amasokoneza. Mtchona satumiza zithunzi. Amene akuonetsa makolo ake kumene wayenda ndi chimene wadya ndi munthu amene mtima wake udakali pakhomo, akufuna kuti akondwere naye limodzi. Akamukalipira, saleka kufuna mpumulo, amangoleka kunena. Ndipo mpumulo wobisa sukhala wa snoek ndi tchipisi. Umakhala wa m'shabini Loweruka usiku, komwe malipiro a sabata yonse amatha pakamodzi, mipeni ili pafupi. Banja limene laletsa chisangalalo cha masana limakhala lakankhira mwana wawo ku cha mumdima.

Pakufunikanso chilungamo pang'ono. Pa 15 October, Tsiku la Anakubala, maminibasi ndi malole amadzaza kulowera ku Salima ndi Mangochi. Anthu amavala zitenje zatsopano, kudya chambo, kujambulitsa miyendo ili m'madzi. M'mabanja ena ndalama ya ulendowo imakhala yochokera ku Cape Town komweko. Palibe amaitanitsa bwalo kuti afunse chifukwa chake mayi apita kunyanja feteleza asanagulidwe. Onse amavomereza kuti mayi atopa, apumeko. Wotsuka mbale maola khumi ataimirira satopa kodi?

Zoopsa ziliko, ndipo okaona nyanja adakaona ndi mvuu zomwe. Zipolowe zothamangitsa anthu obwera za mu May 2008 zidapha anthu 62 m'dziko la South Africa, ndipo mantha ake sadatheretu. Amene mapepala ake sali bwino amaopa kukumana ndi apolisi. Akuba nawo sasowa, m'sitima ngakhale m'njira za kuphiri. Nyanjayo payokha si ya Malawi: madzi a mbali ya Camps Bay ndi ozizira ngati a m'firiji, ndipo mafunde amakoka munthu ngakhale wodziwa kusambira wa ku Chintheche. N'chifukwa chake anthu amasambira pakati pa mbendera zimene opulumutsa anthu amazika pamchenga.

Zonsezi ndi zifukwa zoyendera pagulu, masana, ndi kubwerako kusanade. Mipingo ndi magulu a Amalawi okhala kumeneko, omwe amadziwa kale kusonkherana pakagwa maliro kuti thupi libwere kumudzi, angathenso kusonkherana ulendo wa amoyo kamodzi pachaka. Ndi manyazi kuti gulu lizikumana pokhapokha wina akamwalira.

Ndipo banja lanzeru likhoza kugwirizana ndi mwana wawo poyera: ya fizi ndi iyi, ya feteleza ndi iyi, ya malata ndi iyi, yotsalayi ndi yako, usafotokozere munthu. Akakwaniritsa mbali yake, chithunzi chikabwera, yankho lake likhale lofunsa kuti nsombayo ikukoma bwanji poyerekeza ndi kampango.

Pa 24 September dziko la South Africa limakhala patchuthi chokumbukira chikhalidwe, chomwe ambiri adachisandutsa tsiku lootcha nyama, ndipo mu 2007 Tutu yemwe uja adavomera kukhala mkulu wolimbikitsa mwambowo. Utsi umafuka m'mabwalo ndi m'magombe onse. Koma Amalawi ambiri a m'malesitilanti tsikulo saliona, chifukwa ndi pomwe makasitomala amachuluka. Tchuthi chawo chimagwa Lolemba kapena Lachiwiri, anthu ena onse ali kuntchito.

Lolemba ku Kalk Bay kumakhala bata. Mabwato akagwira amafika cha kumasana, amayi opala nsomba ali pamatebulo awo, mbalame zikulimbirana matumbo. Mipando imakhala yambiri yopanda anthu. Chithunzi chija chidabutsa mlandu kumudzi chidajambulidwa tsiku lotere, ndipo amene adachijambula ndi mnzake wa kukhitchini, amene adasonkha naye theka la mtengo wa mbaleyo.