Tipatulire mapulamu kuti tipeze phindu

Chaka ndi chaka, mvula ikamayamba, alimi anzathu a ku Dedza, Ntcheu ndi Neno amaunjika mapulamu ndi mapichesi m'mbali mwa msewu, mavenda n'kumatchula okha mtengo wogulira. Pamene izi zili chomwechi, masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ndi Blantyre amagulitsa modula zipatso zochokera ku South Africa. Ife tikuti kusiyana kumeneku kumayambira kumunda.

Ambirife timanyadira mtengo ukabereka mpaka nthambi kugunda pansi. Koma chakudya cha zipatso chimapangidwa ndi masamba, ndipo masambawo sawonjezeka kaamba koti zipatso zachuluka. Zikathithikana zimakhala zing'onozing'ono ndi zowawasa, nthambi zimakhadzuka, ndipo chaka chotsatira mtengowo umabereka pang'ono.

Chimanga timapatulira popanda kudandaula. Nanga mapulamu tikuwaumiriranji? Pakatha masabata 4 mpaka 6 maluwa atayoyoka, nthanga ya m'kati isanalimbe, tichotse zipatso zonyozoloka, zobooledwa ndi tizilombo komanso zophatikana. Pakati pa zotsalazo pakhale mpata wa masentimita 5 mpaka 10, pafupifupi zala zinayi. Ndowa zokolola zichepa, inde, koma chipatso chilichonse chikhala chachikulu, chotsekemera ndi chokopa wogula.

Akuluakulu anati kuwongola mtengo mpoyamba. Mbande ikangobzalidwa, tiidule nsonga pa msinkhu wa masentimita 60 mpaka 70. Ikaphuka, tisiye nthambi 3 kapena 4 zoloza mbali zosiyana, pakati pakhale potseguka ngati mbale. Tikatero dzuwa limafika paliponse, zipatso zimapsa bwino, mphepo imaumitsa masamba msanga ndipo matenda amachepa. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, masamba atayoyoka, tizidulira nthambi zouma, zopingasana ndi zoloza m'kati.

Komabe mlimi sangachite zomwe sanaonepo ndi maso. Ulangizi usamathere pa chimanga ndi fodya pokha. Tikupempha unduna wa zamalimidwe kuti alangizi a m'madera ozizira aphunzitsidwe kudulira mitengo ya zipatso, ndiponso kuti akatswiri a ku Bvumbwe athandize kukhazikitsa minda yachitsanzo pafupi ndi alimi.

Nafenso m'makalabu mwathu tigwirizane kusankha zipatso potengera kukula kwake ndi kugulitsa pamodzi. Mlimi amene wapatulira asagulitsenso pa mtengo wofanana ndi wa yemwe anangousiya mtengo kuti udzionere wokha. Amene akukayika ayese chaka chino pa mitengo iwiri yokha, wina apatulire wina ausiye, adzafanizire yekha ndalama zake pokolola.